Bwalo la helice kunja kwa Joni: momwe ntchito ikuyendera

Juni, sabata yachiwiri

Ntchito tayiyamba. Malowa ali kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg, kumapuloti a njira ya ku Lanseria, komwe eni ake ali kale ndi mabwalo owomberako timbale tadothi touluka. Tsopano akufuna bwalo la helice, ndipo gulu lathu, lomwe ndi la a ku Malawi okhaokha, ndilo lapatsidwa kukumba, kuthira konkire, kuwotcherera ndi kumanga mpanda. Kapitawo ndine. Ndizilemba zomwe tikuchita chifukwa abale ambiri kuno ku Joni amagwira ntchito m'malo otere, kutchetcha udzu ndi kutola zinyalala, koma palibe amene amawakhalira pansi kuwafotokozera kuti chinthu akusamaliracho chimayenda bwanji.

Helice, yomwe ena amaitchula kuti ZZ, ndi masewera owombera ndi mfuti ya chifefe. Chowomberedwacho ndi kachipangizo kapulasitiki ka mapiko awiri amtundu wa olenji, ndipo pakati pake pamakanikizidwa kambale koyera. Kuchoka kunsonga ya phiko ili kukafika kunsonga ya linalo ndi masentimita 28, kambaleko ndi ka masentimita 10 ndi pang'ono, ndipo konseko pamodzi sikapitirira magalamu 70. Makina amakazunguza mwamphamvu ndi mota yamagetsi kenako n'kukasiya, basi kamanyamuka kokha ndi mapiko ake. Kambale kadothi kamatsata njira yomwe makina akaponyera. Aka ayi: kamakwera, kukhota, kutsika, nthawi zina kukwawa ndi udzu. Wowombera ali ndi zipolopolo ziwiri zokha. Kuti apeze pointi, sikokwanira kukalasa. Kambale koyera kayenera kuthothoka pa mapiko aja n'kugwera mkati mwa mpanda. Kakagwera kunja, ngakhale ndi chala chimodzi, waluza.

Nditamva lamulo limeneli ndinadziwa kuti pa bwaloli chinthu chachikulu ndi mpanda, ndipo mpandawo tikumanga ndife.

Choyamba kugwirizana chinali mbali yomwe bwalo liyang'ane. Malangizo omwe bwana anabwera nawo analembedwa ku Ulaya, ndipo amati wowombera aziyang'ana kumpoto kuti dzuwa likhale kumsana. Kuno n'zosiyana. M'nyengo ino yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, lotsika, moti munthu woyang'ana kumeneko masana onse angakhale akutsinzinira. Ndinawatenga bwanawo nthawi ya 12 koloko n'kuwaimiritsa pamalopo, ndipo sanachite kufunsanso. Bwalo liyang'ana kumwera. Mwayi wake kumbali imeneyo kuli tchire lalitali lopanda nyumba, chifukwa timipira tamtovu ta m'zipolopolozi timatha kukagwa pafupifupi mamita 200 kuchoka pamene munthu waima.

Juni, kumapeto

Sabata zino zonse zapita ndi tepi, chingwe ndi zikhomo. Wodutsa pamsewu angaganize kuti tikungoyendayenda m'tchire.

Miyezo yake ili motere. Makina ndi asanu, oikidwa mokhota ngati uta, motalikirana mamita anayi ndi theka mpaka asanu. Wowombera amaima kumbuyo kwawo pa kanjira kokhala ndi zizindikiro kuyambira mamita 24 kubwerera m'mbuyo, ndipo pampikisano ambiri amaima pa 26 kapena 27. Kutsogolo kwa makinawo, pa mamita 21, ndi pomwe pamadutsa mpanda wozungulira. Miyezo imeneyi ndi ya FITASC, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Paris. Tinakhoma chikhomo chachitsulo pamalo oimapo wowombera, kuchokera pamenepo n'kupeza malo a makina apakati, kenako ena anayiwo. Tepi yansalu ndaikana chifukwa imatanuka ikakokedwa, tikugwiritsa ntchito yachitsulo.

Vuto latulukira kudzanja lamanzere. Pomwe mzere wa mpanda ukudutsa pali mwala waukulu wobisika pansi, piki ikungodumpha n'kumathetheka moto. Madala athu omanga, omwe akhala kuno zaka zambiri kuposa tonsefe, anati, "Akapitawo, tingosunthira mkati pang'ono, theka la mita ndani angalione?" Sananene mwaulesi ayi, amaganizira misana ya anyamata. Ndinawayankha kuti, "Madala, amene adzalione ndi munthu amene kambale kake kadzagwere pa theka la mita limenelo." Taganizani: munthu wachoka kutali, walipira zolowera mpikisano, walasa bwinobwino, kambale kagwa mopitirira pang'ono mamita 20 ndi theka kuchoka pa makina. Pa bwalo lolondola imeneyo ndi pointi. Pa bwalo losunthidwa waluza, ndipo sadzadziwa n'komwe kuti anamulanda ndi anthu omwe anaopa mwala miyezi yambiri m'mbuyomo. Woyimbira masewerawa sayeza chilichonse, amangoyang'ana mbali ya waya yomwe kambale kagwera. Chilungamo chonse chimathera pa chingwe chathuchi.

Ndapempha bwana abwereke makina oswera miyala. Avomera, ngakhale anayamba akwinya nkhope pa mtengo wake. Pamene mwalawo wakanika kusweka tiboola ndi dirilo n'kumangirira nsanamira pamwala pomwepo ndi mabawuti.

Nkhani ina ndi kusalaza. Mkati mwa mpanda muyenera kukhala mosalala, mopanda zitunda kapena maenje, kuti kambale kakagwa kaoneke kuchokera pomwe woyimbira waima. Tapeza ziulu za chiswe ndi milu ya dothi la mfuko. Tazigumula, dothi lake tadzazira kumunsi komwe kunali kolowa.

Julayi, pakati

Konkire yokhazikapo makina yathiridwa, kanjira ka wowombera nakonso. Kukuzizira koopsa, m'mawa udzu ukumayera ndi chisanu ndipo madzi a m'mgolo akumagwira pamwamba. Konkire yaiwisi ikagwidwa ndi chisanu chotere imafumbutuka, choncho tikumathira dzuwa litakwera n'kufunditsa mapulasitiki ndi masaka usiku. Paliponse payesedwa ndi levulo. Makina akakhala mopendekeka aziponyera mbali imodzi, owombera ochenjera n'kuzindikira.

Ngalande za mawaya tazikumba zakuya kuposa momwe wamagetsi anapemphera, ndipo pamwamba pa mapaipi tathira konkire yopyapyala. Aliyense wokhala ku Gauteng, chigawo chomwe muli Joni, akudziwa momwe mawaya a kopa amasowera usiku. Tasiyanso paipi ina yopanda kanthu yopita pomwe padzakhale jenereta, poti magetsi a Eskom akathima pakati pa mpikisano zonse zimaima.

Julayi, kumapeto

Pa nkhomaliro mphwanga, yemwe wabwera chaka chino kuchokera ku Mangochi, anandifunsa kuti, "Achimwene, makina asanu onsewa achani, poti kouluka n'kamodzi?" Funso labwino, ndipo yankho lake ndi mbiri ya masewerawa.

Kale ku Ulaya anthu olemera ankawombera nkhunda zamoyo. Ankaika mabokosi asanu pamzere, m'bokosi lililonse nkhunda, ndipo wowombera sankadziwa kuti litseguke ndi liti. Nkhundayo inkayenera kugwera mkati mwa mpanda kuti iwerengedwe. Ngakhale pa masewera a Olimpiki a mu 1900 ku Paris anawombera nkhunda zamoyo, pafupifupi 300 zinafa, ndipo sanabwerezenso. Ku Britain anaziletsa mu 1921, mayiko ena n'kumatsatira pang'onopang'ono, mpaka ku Monte Carlo komwe kunali kuchimake kwa mipikisano imeneyi anasiya. M'zaka za m'ma 1960 ku Belgium ndi komwe anakonza kachipangizo ka mapiko aka kuti kalowe m'malo mwa mbalame. Mabokosi asanu aja anasanduka makina asanu, mpanda unatsala momwemo, zipolopolo ziwiri zinatsalanso. Lero masewerawa ndi otchuka ku Italy, Spain, Portugal, Egypt, Argentina ndi ku America.

Ine ndimaweta nkhunda kumudzi, ndipo mtima wanga umakhala pansi kuti chomwe tikumangira bwaloli ndi pulasitiki. Kupha mbalame kuti udye ndi nkhani ina. Kuipha kuti ulembe nambala papepala sindingakumbire ngalande.

Tagwiranso ntchito yomwe sinali pa pulani: kulambula mzere wotchinga moto kuzungulira malo onse. Udzu wa kuno nyengo ino ndi wouma gwa, ndipo lamulo la dziko lino la mu 1998 lokhudza moto wa m'tchire limalamula mwini malo kukhala ndi mzere wotere m'malire ake. Sabata yatha utsi unali tolotolo kupuloti ya kutsidya. Moto utalowa muno ungasungunule mapaipi athu pomwe atulukira pansi.

Ogasiti

Mpanda waima. Kutalika kwake lamulo limalola masentimita 60 mpaka 80, ife tasankha 70 ndipo tasunga muyezo womwewo kuzungulira konse, kuyeza kuchokera pa nthaka yosalazidwa. Apa achimwene owotcherera, a ku Nkhotakota, aonetsa luso. Chitsulo chapamwamba anachipinda pang'onopang'ono kuti chitsate uta wa chingwe, osati kulumikiza tizidutswa towongoka tokhala ndi makona. Makona amachititsa kuti pena mpanda ukhale pa mamita 21, pena upereweze. Waya wake ndi wa maso ang'onoang'ono kuti kambale kasadutse, ndipo pansi tamukwirira m'dothi n'kumukhomera, kuopa kuti kambale kogubuduka kangatulukire kunsi anthu n'kuyamba kukangana.

Titamaliza tinayezanso kuchokera pa makina alionse kupita kumpanda, malo ambirimbiri. Pamwala paja pali bwinobwino, madala aja anagwira okha tepi n'kugwedeza mutu. Nsanamira ziwiri kudzanja lamanja zinakokedwa ndi waya pomukunga, taziwongola n'kuziikira zochirikiza.

Utoto wa mpanda tapaka wobiriwira wakuda kuti kambale koyera kazioneka msanga. Mphepo ya Ogasiti yatisokoneza kwambiri popaka, fumbi limamatirira pa utoto wauwisi, moti tinasintha n'kumapaka m'mamawa kusanayambe kuwomba. Mphepo yomweyi idzavutitsa owombera, chifukwa kambale kothothoka m'mwamba kamatengedwa n'kukagwera kunja. Pamenepo palibe chomwe womanga angachite.

Sepitembala, sabata yoyamba

Makina afika, ndipo katswiri wowamanga wakhala nafe. Ndinapempha kuti mphwanga ndi mnyamata wina azikhala pambali pake nthawi yonse, osati kungomunyamulira zipangizo. Poyamba katswiriyo samayankhula zambiri, koma ataona kuti anyamatawo akufunsa zanzeru anayamba kuwapatsa sipanala.

Makina alionse ali ndi mota yokhala ndi mtengo wachitsulo pomwe helice amalowetsedwa. Mutu wa makinawo umagwedezeka uku ndi uku osaima, ndipo kunsonga kwa mtengowo kuli kachitsulo kokhota komwe helice amagunda potuluka, n'chifukwa chake njira yake siidziwika. Wowombera akafika pamalo ake mamota onse amayamba kulira limodzi, iye n'kunena kuti "ready", woyendetsa makina n'kuyankha chimodzimodzi. Akanena kuti "pull", bokosi lamagetsi limasankha lokha makina oti atulutse. Woyendetsayo sasankha, sadziwanso. Izi ndazikonda, chifukwa palibe woti angamunong'oneze mnzake kapena kulandira kanthu kuseri.

Koma chilungamo chomwechi chikhoza kuonongeka ndi zinthu zazing'ono zomwe wogwira ntchito yekha ndi amene amaziona. Mota imodzi ikamalira mosiyana ndi inzake chifukwa bering'i yatha, khutu la wowombera wozolowera limagwira. Makina amodzi akamazungulira mofooka, amene wagweredwa ndi amenewo wapeza chophweka. Kambale kakakanikizidwa mopitirira muyezo sikathothoka ngakhale katalasidwa bwino, kakakhala kolobodoka kamagwa kokha mfuti isanalire. Wolowetsa helice m'makina, yemwe nthawi zambiri amakhala mnyamata wathu wovala ovolosi, ali ndi mbali yaikulu pa zotsatira za mpikisano kuposa momwe owomberawo amaganizira. Ndawauza anyamatawo kuti helice aliyense azimuyang'ana asanamulowetse, wosweka phiko kapena wopindika ndi dzuwa azimuika padera, ndipo makatoni azisungidwa pamthunzi.

Poyesa koyamba ma helice ena amatsika msanga osafika patali. Katswiriyo anati mpweya wa kuno ndi wopepuka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa ngakhale boma la Dedza, ndiye mapiko sagwira mpweya wochuluka ngati m'mayiko a m'mphepete mwa nyanja komwe makinawa amapangidwa. Anawonjezera liwiro la mamota pang'onopang'ono mpaka kuuluka kwake kunakhala bwino pa makina onse asanu. Manambala ake tawalemba ndi utoto mkati mwa chitseko cha bokosi, kuti wina asadzasinthe mongoganiza.

Kunyamuka kwake kuli ngati kwa zinziri yodzidzimuka m'munda wa mawere: phokoso la mapiko, kenako yapita kale. Wowombera ali ndi kamphindi kochepa kwambiri, chifukwa akachedwa helice amakhala atayandikira mpanda, ndipo ngakhale amulase kambale kagwera kunja. N'chifukwa chake odziwa amawombera msanga, chipolopolo chachiwiri n'kutsatira pompo.

Sepitembala, kumapeto

Lero tinaimitsa ntchito kwa kanthawi kuti tikambirane za chitetezo, ndipo izi ndikulembera aliyense wogwira ntchito pamalo owomberapo mfuti m'dziko lino.

Lamulo la mfuti la South Africa, la mu 2000, ndi lolimba. Kuti munthu akhale ndi mfuti amayamba wapeza satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera, kenako laisensi yochokera kupolisi, ndipo satifiketiyo imaperekedwa kwa nzika kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Ambiri a ife sitili m'gulu limenelo. Mwini mfuti wa laisensi amaloledwa kubwereka mnzake kuti awombere iye ali pomwepo kuyang'anira, koma kupitirira apo ayi. Chomwe ndinatsindika kwambiri ndi zipolopolo. Owombera amagwetsa zosaphulika mu udzu, ndipo kupezeka nacho ngakhale chimodzi wopanda laisensi ndi mlandu. Munthu ukhoza kuchitola mosaganiza, kuchiponya m'thumba la ovolosi, madzulo apolisi n'kukusecha pokwerera mataxi ku Diepsloot kapena ku Randburg. Udzafotokoza chiyani? Taika bokosi lokhoma pafupi ndi kanjira, chotoledwa chilichonse chizilowa mmenemo nthawi yomweyo ndipo kiyi akhale ndi bwana.

Kachiwiri, palibe kulowa mkati mwa mpanda kapena kuyandikira makina mfuti zisanathyoledwe pakati n'kuchotsedwa zipolopolo, ndiponso woyimbira asanalole. Zotseka m'makutu ndi magalasi ndi za aliyense, osati owombera okha. Mnyamata wolowetsa ma helice amamva kulira kwa mfuti tsiku lonse kuposa wowombera aliyense, ndipo makutu akagontha sabwerera. Ndauza bwana kuti zimenezi agule ndi iwo, asadule pa malipiro a munthu, ndipo avomera.

Kachitatu ndi mtovu. Chipolopolo chimodzi cha masewerawa chimaloledwa kunyamula magalamu 28, timipira mazanamazana, ndipo tonseto timathera m'dothi lomwe ife timatchetchamo ndi kutolamo mapulasitiki. Ife timadya nsima ndi manja. Ndalamula kuti pakhale mpopi ndi sopo pafupi ndi pomwe timadyera, otola azivala magolovesi, ndipo zovala zantchito zisapite kunyumba komwe kuli ana. Panali maganizo olima kadimba ka mpiru ndi tomato kuseri kwa mpanda poti madzi afika. Ndakana. Dimba likhale kumtunda kuseri kwa nyumba ya alonda, komwe timipira sitifika.

Okutobala

Mvula yoyamba yagwa ndi ziphaliwali zake zamadzulo, monga imachitira kuno. Yatithandiza kuona pomwe madzi akuima: pali kadambo kakang'ono kutsogolo kwa makina achinayi, tadzazapo dothi n'kutsegula kangalande kolowera kumunsi, kodutsa pansi pa waya m'paipi yokhala ndi sefa kukamwa. Wamagetsi wakhoma ndodo zakopa pansi n'kuika zoteteza bokosi ku mphenzi. Tagwirizananso kuti mitambo ikayamba kuda, mapulagi onse azizulidwa ndipo anthu azichoka pabwalo, poti pamenepa munthu wonyamula mfuti ndiye chinthu chachitali kuposa zonse.

Udzu wayamba kuphuka. Mkati mwa mpanda uzitchetchedwa waufupi sabata iliyonse, makamaka m'mphepete mwa waya, pomwe makina otchetchera safika ndipo pamafunika sikisi yam'manja. Pamenepo ndi pomwe milandu ya kambale idzachuluke.

Loweruka owombera ochepa a pamalopo anabwera kudzayesa. Mmodzi mwa iwo, bambo wachikulire yemwe anawomberapo helice ku Portugal, asanagwire mfuti anatulutsa tepi yake m'galimoto n'kuyamba kuyeza mpanda kuchokera pa makina oyamba mpaka achisanu. Anyamata anaima chete kumuyang'ana. Atamaliza anapinda tepi, n'kufunsa kuti wawotcherera chitsulo chapamwambachi ndani, ndipo anapita kukawagwira chanza achimwene a ku Nkhotakota aja. Pambuyo pake kambale kena kanagunda chitsulo chomwecho n'kubwerera mkati, woyimbira anapereka pointi ndipo panalibe wotsutsa.

Mphwanga ndiye anayendetsa bokosi tsiku lonselo, katswiri uja ali pambali osalowererapo. Bwana anena kuti akufuna anthu awiri okhazikika osamalira makinawa, ndipo ndawapempha kuti zimenezi zilembedwe papepala, ndi malipiro a wosamalira makina, osati a wotchetcha udzu. Ayankha kuti tikambirana Lachisanu.

Zatsala ndi denga la pokhalira owombera, lomwe malata ake afika kale, ndi kanyumba ka jenereta komwe tathira maziko okha. Makina achiwiri akumachedwa pang'ono kutulutsa poyerekeza ndi anzake, katswiri akuganizira kasipuling'i ndipo waitanitsa kena. Mpaka kafike, makina amenewo sagwiritsidwa ntchito pa chilichonse cholembedwa mapointi. Mawa tiyamba kukumba maenje a nsanamira za denga, mvula ikalola.